Lalanje la Lachitatu

"Musakakhale pafupi ndi zenera, mphepo ikakulowani m'chifuwa," anatero agogo aakazi, uku akuwongola kolala ya jekete ya amuna awo. "Nyama ikakhala yolimba musakalimbane nayo, mano atsala angati m'kamwamo? Ndipo akakupatsani chakumwa chotsegula kale, musakalandire."

"Mayi, ndikupita kukadya nkhomaliro, osati kunkhondo," anayankha a Mphaka.

"Kunkhondo bola, mdani umamudziwa. Patebulo aliyense amakusekerera."

Mwana wawo wamkazi, amene anali namwino, anaima pakhomo akuyang'ana wotchi. Ndiye anawalembetsa bambo akewo ku kalabu ya anthu okonda masewero, imene inkakumana Lachitatu lililonse masana m'chipinda cham'mwamba pa hotela ina m'tauni. Kumeneko anthu ankadyera pamodzi, akatha mlendo wodziwika pa zamasewero ankaimirira n'kuwalankhula. Chipumireni pantchito yaulonda kufakitale ya sopo, a Mphaka ankangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, maso ali kumsewu. Masiku ena linkatha tsiku lathunthu osatulutsa liwu. Namwinoyo ankati kukhala chete kotero kumapha msanga kuposa matenda a shuga.

Dzina loti Mphaka anawapatsa ochemerera mpira, kale ali goloboyi wa timu yaikulu. Zaka khumi anawakha mipira imene ena sankaiona n'komwe. Koma pamasewero omaliza olimbirana chikho, kutatsala mphindi imodzi, kampira kofooka, koti ngakhale nkhuku ikanakaimitsa, kanawapulumuka m'manja n'kudutsa pakati pa miyendo. Tsiku lomwelo dzina linasintha, anthu anayamba kuwaitana Sefa. Ena anabwera kudzagenda nyumba. Agogo aakazi, ali ndi pakati pa namwino yemweyu, anabisala pansi pa bedi akumva miyala ikugwa pamalata. Panapita zaka makumi anayi, koma iwo sanaiwale kuti manja owomba m'manja ndi omwewo amatola miyala.

Lachitatu loyambalo a Mphaka anabwerako akulankhula asanafike n'komwe pakhomo.

"Andizindikira, mayi! Nditangolowa, wapampando wawo waimirira, akuti, 'Kodi si inu?' Andikhazika patebulo lakutsogolo. Ena ajambulitsa nane."

"Akuzindikirani ndi dzina liti?"

"Inunso, chilichonse mumafuna muchitembenuze kunsi."

"Chikomekome cha mkuyu, bambo."

Koma munthuyo anasinthadi. Nsapato ankazipukuta Lolemba, ndevu ankameta Lachiwiri. Anayamba kuimba m'bafa. Namwino atawayeza kuthamanga kwa magazi ndi lamba wapamkono, anavina pang'ono pabalaza.

"Amayi, mwaona? Magazi ayamba kuyenda bwino. Munkati ndawaponya m'kamwa mwa ng'ona."

Agogo aakazi sukulu sanapite, zolembedwa pakachipangizo ka namwino sankazidziwa, koma zovala ankachapa ndi iwo. Lachitatu lililonse m'thumba la jekete munkakhala lalanje limodzi, lofewa mbali imodzi ngati lagwa pasimenti. Lachitatu lililonse bondo la thalauza linkabwera ndi fumbi. Kodi munthu wokadya nkhomaliro amagwada kuti atani?

"Malalanjewa amakupatsani ndani?"

"Ndi mphatso ya kalabu."

"Kalabu yolemera choncho, yosowa lalanje labwino?"

A Mphaka anakweza wailesi.

Lachitatu lachisanu ndi chimodzi, amuna awo atanyamuka, agogo aakazi anatenga kabotolo ka mankhwala a amuna awowo kuti akhale ndi chonamizira, n'kulondola. Msewu waukulu anauwoloka atadikira kuti pabwere anthu ena atatu oti awatsate. Pahotelapo, m'munsi mwa masitepe, anapeza chipepala chachikulu chomatidwa pakhoma. Pamenepo panali nkhope ya amuna awo, manja atatambasula, pakamwa pali yasa.

Panadutsa mayi woperekera zakudya atanyamula mbale. Agogo anamukodola.

"Mwanangu, maso andivuta. Apa alemba chiyani?"

"Alemba kuti, 'Mlendo wa lero ndi Mphezi, mwini chigoli chija. Bwerani mudzaone Sefa akugwetsanso.'" Mayiyo anaseka. "Simunawaonepo, agogo? Nthiti zimauma. Tsiku loyamba wapampando anangowaponyera lalanje mwadzidzidzi, madalawo n'kuligwetsa. Anthu anaseka mpaka wina anatsamwa. Basi chinakhala chizolowezi. Akatha kudya amaliza belu, amaika mipando iwiri ngati golo, madalawo n'kuima pakati, mlendo wa tsikulo n'kuponya. Panopa mipando sikwanira, anthu amabwera ndi anzawo."

"Nanga iwowo amati chiyani?"

"Amagwada, n'kugwira kumutu ngati tsiku lija. Amadziwa ntchito yawo. Mukuwadziwa?"

"Ndimawaona mumsewu," anatero agogo.

Anakwera masitepe atagwira khoma, n'kuima kuseri kwa chitseko chotsegula. M'chipindamo munali matebulo asanu ndi atatu a nsalu zoyera, mafupa a nkhuku ali m'mbale. Amuna ambiri anali a mimba zawo, ovala malaya a matimu osiyanasiyana pamwamba pa malaya a kuofesi. Wapampando, bambo wadazi wovala mphete ziwiri, analiza belu. Anthu anayamba kumenya matebulo ndi masupuni.

"Se-fa! Se-fa! Se-fa!"

A Mphaka anaimirira, anamanga batani la jekete imene akazi awo anasita, n'kukaima pakati pa mipando iwiri. Ankamwetulira. Kutsogolo kwawo kunaima mlendo, a Mphezi, amene anamenya kampira kofooka kaja. Tsopano anali nkhalamba yonenepa yoyendera ndodo. Anatola lalanje m'mbale, analipsompsona, anthu n'kukuwa.

Ndi pamenepo a Mphaka anacheukira kukhomo. Maso awo anakumana ndi a akazi awo.

A Mphezi anaponya mwamphamvu, chakumbali, pafupi ndi mwendo wa mpando. Palibe anaona bwino chimene chinachitika. Dzanja lamanzere la a Mphaka linangotuluka lokha, phaa! Lalanje linali m'manja, zala zitalizinga.

M'chipinda monse munangoti zii. Munthu mmodzi kumbuyo anawomba m'manja kawiri, ataona kuti ali yekha anasiya. Amene anakweza mafoni kuti ajambule anawatsitsa.

"Aaa, madala," anatero wapampando pa maikolofoni, akuyesa kuseka. "Mwatilakwira. Anthuwa ena achokera kutali."

"Achimwene," anatero a Mphezi, "mwachedwa nako kugwirako. Zaka makumi anayi!"

Apo ndiye anthu anaseka, koma kuseka kwake kosakhalitsa. A Mphezi anayamba kulankhula. Anafotokoza za chigoli chija, ndipo m'kamwa mwawo kampira kofooka kaja kanasanduka chipolopolo chong'amba ukonde. A Mphaka anakhala pampando wawo lalanje lili m'manja. Palibe anawayang'ananso. Pomwazikana, anthu amene masabata onsewa ankakanganirana kujambulitsa nawo anawadutsa ngati mpando.

Agogo aakazi anali akadali kuseri kwa chitseko pamene wapampando anatuluka ndi mnzake wina.

"Manja a madalawa akachira, tiwapumitse," ankatero. "Pali wankhonya wina wakale ndamupeza. Ameneyo akuti amagwa bwino kwambiri."

Anabwerera kunyumba limodzi ndi amuna awo, n'kuwoloka msewu waukulu.

"Munabwera kudzatani?" anafunsa a Mphaka.

"Munaiwala mankhwala."

"Ndinamwa m'mawa. Munandipatsa ndinu."

"Bambo, kumeneko musapitenso. Anthu aja akukudyerani pamodzi ndi nkhukuyo. Munthu wa zidzukulu kumagwada pansi kuti amuna amimba aseke? Lero ndi lalanje, mawa akuponyerani mbale. Nanga tsiku lina mukadzagwa osadzukanso? Adzaseka kaye asanakudzutseni."

"Ukaipa, dziwa nyimbo."

"Inu simunaipe. Ndaona ndi maso angawa, munaligwira."

"Ndinaligwira, eya. Ndiye munaona chimene ndinapindula." A Mphaka anaima, akupuma movutikira. "Zaka khumi ndinagwira, mayi. Alipo akukumbuka ngakhale mpira umodzi? Palibe. Umene ndinagwetsa ndi umene uli ndi dzina langa. Kumene kuja, ndikalowa, anthu amatembenuka. Amandisungira mpando. Pakhonde paja amandiponyera kanthu ndani?"

"Ine sindine munthu?"

"Inu mumandiuza kuti ndisakhale padzuwa."

Mawu amenewo anawalasa agogo aakazi. Atafika kunyumba anatenga jekete ija, anaipinda, n'kuibisa pansi pa matiresi.

Namwino atabwera tsiku lotsatira, mayi ake anamukokera kukhitchini n'kumufotokozera zonse. Iye anamvetsera akuluma mlomo.

"Ndinamva, amayi. Mnzanga wina kuntchito anandionetsa pafoni."

"Unadziwa? N'kukhala chete?"

"Ndikanatani? Mukufuna abwerere pampando paja? Ine odwala otere ndimawaona tsiku ndi tsiku. Amayamba n'kusiya kulankhula, kenako kudya. Panopa akudya, akugona, akumeta. Magazi ali bwino."

"Lamba wako wapamkonoyo amayeza manyazi?"

"Manyazi saika munthu m'bokosi, amayi."

"Iwe unali m'mimba pamene ankagenda. Sunamve."

Namwino anatsuka kapu yake, anawagwira mayi ake paphewa, n'kupita kuntchito.

Sabata imeneyo a Mphaka anabwerera pakhonde. M'bafa simunamvekenso nyimbo. Loweruka anasiya chakudya theka, Lamlungu anangotsina. Lolemba nsapato zinakhala pakona ndi fumbi lake. Agogo aakazi ankawadutsa ndi tsache, kuwafunsa ngati akumva mutu, ngati aonjezere tiyi, iwo n'kumangogwedeza mutu, maso ali kumsewu. Jekete sanaifunse n'komwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinawaopsa kwambiri agogo aakazi.

Lachiwiri masana, akutsuka mbale, anamva kaphokoso kuseri kwa nyumba. Phu. Kenako chete. Phu. Anasuzumira pazenera.

A Mphaka anaima moyang'ana khoma la bafa, lalanje lija lili m'manja. Analiponya kukhoma. Pobwerera, dzanja linaliwakha. Anaponyanso, dzanja linawakhanso. Anayang'ana dzanja lawolo ngati mwana wosamva.

"Iwe, tsiku lofunika unali kuti?" analifunsa. "Lero ndiye ukudzionetsa?"

Anaponyanso. Ulendo uno anatsegula zala mochedwa dala, lalanje linagunda chikhatho, linadutsa pakati pa miyendo n'kugubudukira kumpanda. Anagwada pang'onopang'ono, nkhope itakwinyika ndi ululu wa m'chiuno, n'kugwira kumutu. Anakhala choncho kanthawi, pabwalo popanda munthu woseka. Kenako anadzuka pogwira khoma, anakatola lalanje, n'kuyambiranso.

Agogo aakazi anayang'ana mpaka kachisanu. Anapukuta manja, analowa kuchipinda, n'kutukula matiresi. Jekete inali itakwinyika kwambiri, moti anaisita kawiri. Atatha anatenga thalauza la Lachitatu, analitembenuza, anadula tizidutswa ta bulangete lakale n'kusokerera m'kati mwa mawondo onse awiri, ulusi wake wakuda kuti usaoneke kunja.

M'mawa wa Lachitatu a Mphaka anapeza zovalazo pampando. Anavala osafunsa kanthu. Atapinda bondo anamva kufewa, anayang'ana akazi awo, koma iwo anali otanganidwa ndi kolala.

"Musakakhale pafupi ndi zenera," anatero agogo aakazi. "Nyama ikakhala yolimba, isiyeni." Anachotsa kaulusi paphewa la jekete. "Ndipo pogwapo, muzigwera kumanzere. Chiuno chakumanjachi ndi chimene chimakuvutani."