Nkhanga Zitatu pa Thumba la Feteleza

Nkhanga yoyamba Clementina anaisoka nthawi ya dzinja, masiku amene mvula inkamutsekera m'nyumba. Yachiwiri inamudyera nyengo yonse ya chimanga chachiwisi, chifukwa mwana wake Doreen ankamera mano ndipo sankalola kutsika kumsana. Yachitatu, yowerama ngati ikujompha pansi, inali ndi thupi, miyendo ndi khosi, koma mutu inalibe. Chonsecho kichini pate ya mng'ono wake Rachel inali mawa lake, Loweruka, ku Katete.

Kusoka timitanda anaphunzira kusukulu m'chaka chomwe anasiyira. Zina zonse za chaka chimenecho zinauluka, koma izi zinatsalira m'zala. Nsalu yeniyeni ya timabowo sipezeka kumidzi ya ku Mkaika, ndiye iye ankasoka pa thumba la feteleza lochapa bwino, mbali yopanda zolemba. Thumba limalukidwa timabokosi timabokosi, kamtanda kamodzi pa kabokosi kamodzi, basi. Ulusi ankachita kumasula majuzi akale ogula pa kaunjika wa salaula: wakuda wa thupi, woyera wa mawanga, wofiira ndi wabuluu wa mutu.

Thumbalo sankaling'amba asanamalize, chifukwa likang'ambidwa limayamba kusosoka m'mbali. Ankalowetsa dzanja limodzi mkati, lina kunja, singano n'kumayenda. Akaweruka ankalitembenuza kuti nkhanga zikhale mkati, kutali ndi fumbi ndi manja a Doreen odzaza phala, kenako n'kulikoleka pa msomali kuseri kwa chitseko.

Vuto silinali luso. Vuto linali anthu. Akangoti wakhala pansi, ulusi walowa m'singano, mbuzi zalowa m'dimba. Akabwerako, Doreen wadzuka. Doreen akagona, wina wafika kudzapempha mchere, ndipo mcherewo ankaupempha atakhala pampando, nkhani zili mbwee. Mwamuna wake Ignatius naye akamadutsa ankangoti, "Zikukula nkhuku zanu?"

"Ndi nkhanga."

"Eya, zomwezo."

Koma Lachisanu limeneli analikonzekera. Madzi anatunga kusanache, ndiwo anaphikiratu, Doreen anamuyamwitsa mpaka anagona pakamwa pali yasa. Pa kichini pate mphatso ya mkulu wa mkwati ndi imene imayamba kutsegulidwa anthu onse akuona, ndipo Rachel anali atauza kale anzake ndi achibale a mwamuna wake a ku Sinda kuti, "Asisi anga akundisokera nsalu ya pathebulo ndi manja awo." Ena adzabwera ndi mapoto ndi mbale za m'makatoni. Clementina analibe china choti n'kunyamula. Zake zinali nkhangazo.

Anasamba m'manja, anatseka chitseko kuti atenge thumba, n'kupeza msomali uli wokhawokha.

Anayang'ana pansi. Anasuntha bedi. Anagwedeza mphasa, anavundukula ngakhale mtsuko umene ankadziwa bwinobwino kuti muli madzi. Kenako anamva belu la njinga panja, ndipo Ignatius analowa pabwalo akuimba mluzu, chipewa chake chobiriwira cha wulu atachikokera mpaka m'makutu chifukwa cha chisanu cha mu Juni.

"Atate a Doreen, thumba linali kuseri kwa chitseko lili kuti?"

"Liti? Lija la chigamba?"

"Chigamba chanji?"

"Lija munasoka chigamba chachikulu. Ndathiramo nsawa. Matumba anandithera, nsawa zitatsala pamphasa. Komatu munasoka zolimba, amake Doreen, sizinatayike ngakhale imodzi mpaka ku Katete."

Clementina anagwira mphuthu ya chitseko. Anafuna kukuwa, koma anakumbukira kuti Doreen ali mtulo, ndiye mawu anatuluka otsika, opyola m'mano.

"Limenelo ndi la nkhanga."

"Ayi, la nkhanga ndimalidziwa ine. Ili munalibe nkhanga. Munali mfundo zokhazokha, ulusi uli wirawira ngati ndevu za chimanga. Ndinangoti khoswe analiboola."

"Kumeneko ndi kumbuyo! Ndimalitembenuza!"

Ignatius anayang'ana msomali uja. Anakanda chipewa m'malo mokanda mutu. "Ndiye mukanandiuza kuti nkhuku zanu zimagonera mkati."

Clementina analowa kuchipinda. Anabereka Doreen ali mtulo momwemo, anazula thumba limene linkatseka zenera losweka la kuchipinda, anatenga singano ndi ulusi wake n'kumanga pansonga ya chitenje. Atatuluka anangokhala pa kaliya wa njinga.

"Palasani."

"Ndangofika kumene, ngakhale tiyi..."

"Palasani, atate a Doreen."

Njira yonse Ignatius ankalankhula ndi mphepo. Ankati thumba ndi thumba, ntchito yake ndi kunyamula zinthu. Ankati m'nyumba ya mlimi thumba silikhala pa msomali mwezi wogulitsa mbewu. Atafika pamsewu wa tala anayesa njira ina, n'kunena kuti mwina Rachel angakonde nkhuku yamoyo, chifukwa yamoyo imaikira mazira. Clementina ankangoyang'ana msana wake n'kumaganiza za mawanga onse aja, kamtanda kamodzikamodzi, tsopano akukhuzana ndi nsawa.

Wogula nsawa anali a Amosi, bambo wonenepa amene anakoleka sikelo yake pamtengo m'mbali mwa msewu waukulu. Kumbuyo kwawo matumba anali atasanjidwa mulu wotalika kupitirira munthu, ndipo lole inali itaima pafupi, chitseko chakumbuyo chili chotsegula.

"Mwabwela futi, abwana? Mwaiwala chani?" anatero a Amosi poona Ignatius.

Clementina ndiye anayankha. Anapereka moni mwaulemu, anafotokoza kuti nsawa sakuzifuna, akufuna thumba lokha, ndipo lina losinthira wabwera nalo.

"Mami, onani mulu uyo. Lole inyamuka manje manje kuyenda ku Lusaka. Nizasakila bwanji saka imodzi? Saka ni saka."

"Mwamva?" anatero Ignatius. "Ndi zomwe ndimanena."

"Inu khalani chete. Bambo, ndilifuna ndekha. Likuoneka, lili ndi ulusi kunja."

A Amosi anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Oho, ija ya vigamba! Tinaseka maningi. Tinakamba ati uyu muzimai akonda saka kupambana mwamuna wake."

"Lero ndiye mwanena zoona," anatero Clementina.

Analiona msanga. Linali pansi penipeni pa mulu, kansonga ka ulusi wofiira kakusuzumira. Anthu a Amosi anakana kuphwasula mulu asanayambe kukweza m'lole, choncho ntchito inagwera mwini mlandu. Ignatius anavula jekete n'kuyamba kutsitsa matumba limodzilimodzi, akubuula, a Amosi atakhala pampando akumulangiza poika. Doreen anadzuka n'kuyamba kulira. Clementina anamuyamwitsa ataimirira, maso ali pa kansonga kofiira kaja. Dzuwa linali likukwera, ndipo mutu wa nkhanga sunali kudzisoka wokha.

Atalisolola, Clementina anamasula kukamwa kwake yekha, anakhuthulira nsawa m'thumba la pazenera lija, n'kutembenuza la nkhanga lija.

Nkhanga zinalipo. Zinali zitafiira ndi fumbi ndi makoko a nsawa, koma zinalipo, ziwiri zitatukula mitu, yachitatu itawerama. A Amosi anasiya kuseka n'kuyandikira.

"Ah! Kansi ni vintu vabwino so?"

Koma Clementina anali ataona kale china. Kumapeto kwa khosi la nkhanga yachitatu, pamalo oyera pomwe anasiyira mutu, panali bowo lolowa chala chachikulu, ulusi wa thumba utaduka n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Ichi n'chiyani?"

A Amosi anatsokomola. Anaonetsa kachitsulo kosongoka kamene amabayira matumba poona ngati nsawa zauma. "Ni nchito, mami. Saka iliyonse timalasa. Pa vigamba panakana kungena, ndiye ninalasa pambali."

Pambali. Thumba lonse lija, malo oyera mbali zonse, iwo anasankha pamutu. Pa bowo sipasokeka kamtanda, chifukwa kamtanda kamafuna kabokosi kogwira ngodya zinayi. Kumasula khosi lonse kuti alikhotetsere kwina kukanatenga masiku amene iye analibe. Clementina anakhala pa thumba la nsawa za eni n'kuyang'anitsitsa bowolo. Misozi inabwera, koma anaibweza. Kulira kunalibe phindu, kukanangomuchedwetsa.

Nkhanga yowerama imafuna chiyani pansi? Imajompha mu udzu. Udzu sufuna timitanda. Ndi ulusi wautali, kubaya uku n'kutulukira uko, ndipo ungadutse pamwamba pa bowo ngati denga. Koma ulusi wobiriwira analibe. Anamasula nsonga ya chitenje: wakuda, woyera, wofiira, wabuluu. Kenako anatukula maso n'kuona mwamuna wake akupukuta thukuta.

"Atate a Doreen, bweretsani chipewa."

"Chipewa chatani?"

"Bweretsani."

"Amake Doreen, kukuzizira. Mmawa popita kudimba makutu amachita kuwawa."

"Makutu omwewo samva ndikamalankhula. Bweretsani kuno."

Anadula mfundo ya pamwamba ndi mano, n'kukoka. Chipewa chinayamba kutha mzere ndi mzere, Ignatius akuonerera ngati munthu amene mbuzi yake ikusendedwa. A Amosi anachita kugwira mtengo wa sikelo chifukwa cha phwete.

Pobwerera, Ignatius anapalasa mutu uli pamtunda, osanenanso za nkhuku yamoyo. Kunyumba Clementina anachapa thumba ndi sopo mosamala, analiyanika padenga la khola, ndipo uku likuuma anaphika, chifukwa anthu a m'nyumba imeneyi njala sinkawaiwala ngakhale tsiku la tsoka. Litauma anaika kachigamba kunsi kwa bowo n'kumeretsa udzu pamwamba pake, chitsamba chonenepa chobiriwira, khosi la nkhanga n'kulowa momwemo. Anameretsa wina pang'ono kumapazi a ziwiri zija kuti chitsambacho chisaoneke chachilendo. Wopempha mchere atafika, anamuyankhira pawindo kuti mchere watha. Dzuwa likupendeka anang'amba thumba, ndipo mpendero wa chitenje anaumalizira mmawa wa Loweruka, m'minibasi, singano ikumubaya pa bampu iliyonse.

Kichini pate inachitikira pabwalo la nyumba ina ku Katete, azimayi okhaokha, ng'oma zikulira. Rachel anakhala pamphasa atawerama, ndipo pambali pake panali alangizi, amai Bridget, amene ntchito yawo inali kutsegula mphatso ndi kuuza mkwati tanthauzo lake. Dzina la Clementina litaitanidwa, anavina pang'ono chabe, mwana ali kumsana, n'kugwada kupereka.

Amai Bridget anatambasula nsalu ija n'kuikweza m'mwamba. Kunamveka nthungululu. Azimayi a ku Sinda anadzuka kudzaigwira, kuitembenuza, kuwerenga mawanga ndi zala. Clementina anapuma kwa nthawi yoyamba chichokereni dzulo.

"Tamverani, azimayi!" anakuwa amai Bridget. "Rachel mwana wanga, tukula maso. Ukuziona nkhanga ziwirizi? Makosi m'mwamba, kuyang'ana za eni, kumvetsera za m'nyumba za anzawo. Tsono ona iyi. Mutu uli mu udzu, ikufunira ana chakudya, za anthu ilibe nazo ntchito. Akulu akowa akuti iwe ukakhale iyi! Anthu oganiza mozama amasoka chonchi!"

"Ayi, amai, pamenepo panali..." anayamba Clementina, koma ng'oma zinali zitayamba kale, ndipo mayi wina anamukoka dzanja kumulowetsa m'bwalo.

Miyezi yonse ija ya mawanga, palibe anaitchulanso. Aliyense ankaloza chitsamba, ntchito ya madzulo amodzi, chipewa cha Ignatius. Asanachoke, azimayi atatu anali atamugwira pambali kuti awasokere yawo, ndipo aliyense ananenetsa kuti ikhale ndi nkhanga yobisa mutu.

Potsanzikana, Rachel anamukumbatira, nsalu ija ataipinda pachifuwa ngati mwana.

"Asisi, ndaikonda kwambiri. Ndikayala tsiku lomwe tikalowe m'nyumba." Kenako anainunkhiza, n'kunong'ona, "Koma bwanji ikumveka nsawa?"

"Ukafunse alamu ako."

Lolemba Clementina anachapa thumba lina la feteleza. Litauma, asanasoke kamtanda ngakhale kamodzi, anatenga mpeni n'kudula kunsi kwake konse, anawaula m'mbali ndi kamoto kuti lisasosoke, n'kulikoleka pa msomali uja. Ignatius analipeza madzulo akufuna poika chimanga chopita kuchigayo. Analitsitsa, analowetsa dzanja, dzanja n'kutulukira mbali inayo.

"Amake Doreen, thumba labwinobwino mwalionongeranji? Ili tsopano silinganyamule kanthu."

"Eya," anatero Clementina, akulowetsa ulusi m'singano. "Libwezereni pomwe mwalipeza."