Chipanda Choyamba cha Dima

Mowa uja ndinafulula ndine, ndisanamizire wina.

Chaka chimenecho makuponi anafika mochedwa ku Wimbe. Feteleza tinamupeza chimanga chitayamba kale chikasu, fodya nayenso akufuna kuthyola. Anthu awiri, manja anayi, tikanayambira pati? Ndinaviika chimera kuti tiitane dima, anthu adzatibandire tsiku limodzi, malipiro ake masese.

Amuna anga a Levison atawona chimeracho sanakondwe nacho. Kwawo mowa si wocheza nawo. Unatenga agogo awo, unatenga bambo awo, ndipo mkulu wawo anapezeka atafa m'ngalande ku Mtunthama. A Levison analeka kumwa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo adokotala atawauza kuti ena thupi lawo limachedwa kukhuta mowa, ndipo zimatha kuyenda m'magazi. Mlongo wanga Mphepo amamwa chipanda chimodzi mutu n'kuyamba kumuwawa, basi wapita kwawo. Ine ndinkati nkhani ndi mtima chabe. Kupusa kwangako!

Anthu anabwera khumi ndi anayi, nabandira mpaka dzuwa pamutu. Titakhala pansi pa mmango ndinatunga chipanda choyamba kuti ndilawe.

"Iyayi mlamu," anatero a Nelson, mkulu wa gululo. "Munda ndi wa bambo. Achotse chiphe ndi iwowo."

Mwambo wake ndi umenewo: mwini munda amayamba, kuti alendo amwe opanda mantha. Ndipo a Nelson tinakanganapo nawo za malire, ndiye sankaseka.

"Sakumwa awa, mukudziwa," ndinatero.

"Angonyowetsa milomo. Apo ayi tinyamule makasu."

Theka la munda linali lisanabandiridwe, mitambo yada kale chakumadzulo. Ndinayang'ana chimanga, ndinayang'ana amuna anga, ndipo ndivomere, ndinawapatsa chipandacho ndi manja anga awiri, nditagwada mwaulemu.

Ndinkayembekezera kuti achita tsinya, alavula. Ayi ndithu. Nkhope yawo inamasuka ngati ya munthu wofika kwawo. Anthu anawomba m'manja, a Nelson natambasula dzanja kuti alandire. Chipanda sichinatsike.

Apo m'pamene ndinawona chala chaching'ono cha amuna anga chitaimirira pambali pa chipanda. Munthu mmodzi yekha ndinamuwonapo akugwira choncho, bambo awo aja, ndipo tinawaika m'manda ndili ndi mimba ya mwana wathu woyamba.

"Enelesi," anatero osandiyang'ana, "tunga china."