Nthabwala za Malemu Maesitiro

Ermete Bassoli anakalamba akuseketsa anthu m'nyumba ya opera, masewero oimba aja, ndipo mawu ake a besi anali atayamba kusasa. Bwana wa nyumbayo, a Gualtiero, anamuuza mosapsatira: "Lamulungu lino anthu akapanda kuseka, basi. Upite ukathandize mlamu wako kugulitsa tchizi ku Parma."

Sewero la Lamulungulo linali la Maesitiro, wopeka nyimbo wamkulu uja amene ankaliritsa Italiya yense. Koma ili analipeka ali mnyamata, asanaphunzire kupha anthu pa siteji. Inali nkhani ya nkhalamba yaumbombo yofunsira mtsikana, mapeto ake n'kubisala m'mbiya ya vinyo. Linakanika kalekale anthu n'kuliiwala, ndipo a Gualtiero analifukula chifukwa masewero otchuka aja anali atatengedwa ndi mizinda ikuluikulu.

Ndiye taonani tsoka la Ermete. Maesitiro anasankha sabata yomweyo kuti amwalire.

Lamulungu masana nyumba inadzaza thothotho, aliyense atavala zakuda, amayi mipango yopukutira misozi ili m'manja. Ermete analowa ngati nkhalamba ija, ndi mphuno yofiira ndi chimimba cha pilo, n'kupunthwa dala. Zii. Anayetsemula pakati pa nyimbo yachikondi. Zii. Ngakhale amwano a m'mipando ya m'mwamba, amene amaimbira munthu mluzu akangophonya liwu limodzi, anali ataweramitsa mitu ngati ali m'tchalitchi.

Pa nthawi yopuma anathamangira kwa bwana wake, thukuta lili kamukamu.

"Bwana, anthuwa abwera kumaliro! Kawauzeni kuti izi n'zoseketsa!"

"Ndikawauze ineyo? A meya akusisima pampando wakutsogolo. Bwerera ukaimbe, iwe."

Anabwerera mtima ukuwira. Analowa m'mbiya muja, n'kuyamba nyimbo yothamanga ija yopinda lilime, mawu akugundana okhaokha. Atatulutsa mutu, tsitsi loikira linakodwa pa msomali, dazi n'kutsala mbee. Abambo ena anachita kupukuta maso ndi chisoni. Anthu awa, inu!

Pamenepo kunamveka phwete kumbuyo, kenako chikhakhali chenicheni, cha m'mimba. Ermete anachizindikira, ngakhale anali asanachimve chikwatiraneni. Anali Clotilde, mkazi wake, yemwe kunyumba akamuyeserera nthabwala ankangoti, "Mwatha? Supu akuzizira."

"Ssss!"

"Mayi inu, mulibe ulemu? Munthu sanaikidwe n'komwe!"

Alonda awiri anamugwira mikono n'kumutulutsa, iye akusekabe mpaka kutsamwa. Ermete anangoyang'ana ali m'mbiya, n'kumaliza nyimboyo misozi yaukali ikutsika. Anthu ataona misoziyo anaimirira onse, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu.

A Gualtiero anamupeza akuchotsa chimimba chija, maso awo ali psuu.

"Ermete, za tchizi zija iwala. A meya akuti sanaonepo sewero lokhudza mtima chonchi. Tilionetsa mpaka Pasaka."

"Koma bwana, sanaseke."

"Eya, n'chifukwa chake. Mawa mphunoyo uisiye, kupunthwako usiyenso. Uzingolira ngati lero."

"Nanga nthabwala zanga?"

"Nthabwala ziti?" A Gualtiero anafika pakhomo n'kutembenuka. "Mayi wopanda khalidwe uja akuti ndi mkazi wako. Umuuze asadzabwerenso."