Kiyi Wachitatu

A Kalaliki anagula njinga yamoto Lachiwiri, ndipo pofika Lachitatu anali atazindikira kuti msewu wawo wonse ndi wa akuba. Aliyense wonena kuti "yokongola" ankamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, n'kumusunga mumtima.

Anakagula unyolo wonenepa ndi loko wachikasu kwa mayi wina wa m'sitolo ya zitsulo ya pakona. Lokoyo anabwera ndi makiyi awiri. Mmodzi anamumangirira palamba, winayo anamubisa pamalo amene ngakhale akazi awo sanauzidwe.

"Mukadzafa tidzaigulitsa pamodzi ndi mzati wa khondewu?" anafunsa akazi awowo.

"Nkhani zachitetezo sitikambira pakhonde," anayankha a Kalaliki.

Loweruka m'mawa anapita kwa telala, neba wawo, kukatenga buluku. Anamupeza akutsekula shopu. Loko wake anali wachikasu ngati wawo uja, koma pachingwe pankalendewera makiyi atatu ofanana.

"Aneba, winayu munadulitsa?"

"Ayi, anabwera choncho, atatu. Inu anakupatsani angati?"

Funsolo silinawasangalatse. Za buluku anaiwala. Ali m'njira anakumbukira zonse: mayi wa m'sitolo uja anawafunsa kuti amakhala nyumba iti. Anafunsanso ngati njingayo imagona panja. Komanso mchimwene wake amakonza njinga zamoto kuseri kwa sitoloko. Zaka makumi awiri zosunga mafayilo zinali zitawaphunzitsa kuti chinthu sichisowa chokha.

Anamasula loko, anauza akazi awo kuti akhale panjingapo osasuntha, n'kupita kukamuika lokoyo pakauntala ya sitolo ija.

"Mayi, ndabwera mwaulemu. Kiyi wachitatu ali kuti?"

"Wachitatu wake uti, bambo?"

"Amene munasunga."

Mayiyo anamaliza kaye kukulungira munthu wina misomali. Kenako anatsitsa loko watsopano pashelefu, anang'amba pepala lake, n'kulowetsa kiyi wake mu loko wa a Kalaliki. Lokoyo anatseguka osakana n'komwe.

"Ndisungirenji kiyi wanu? Onsewa ndi a mimba imodzi. Ena amabwera awiri, ena atatu, zimatengera kuti wolongedzayo anadzuka bwanji."

"Mwagulitsa angati?"

"Mwina msewu wonse. Olimba ndi akudawa, koma paja munati zitsulo mumazidziwa."

Loko wakuda sanagule. Mayiyo anali atawalozera mwachangu kwambiri.

Pobwerera anayenda pang'onopang'ono. Pageti la aphunzitsi panali loko wachikasu. Pasaluni, wachikasu. Pakhola la nkhuku la abusa, pabokosi la wokonza nsapato, pachimbudzi cha pamsika. Aliyense amene anawapatsa moni anali ndi makiyi m'thumba, ndipo iwo ankawamva akulira.

Lolemba anaimika njinga pamthunzi wa ofesi, anakoleka unyolo mwachizolowezi, kenako anatulutsa sipanala. Anagwada, taye ili paphewa, n'kumasula tayala lakutsogolo.

"Bwana, laphwa?" anafunsa mlonda.

"Ayi."

"Nanga mukupita nalo kuti?"

A Kalaliki anayang'ana makiyi a palamba pa mlondayo, mmodzimmodzi.

"Mukufunsiranji?"

Anakwera nalo masitepe atalikolekera pamkono, n'kuliika pansi pa desiki. Tsiku lonse anadinda makalata atalipana ndi mawondo.