Pasiwedi ya Everson

"Ingoizimitsa uyatsenso. Si mmene mumachitira ophunzira inu?"

"Ndikaizimitsa, azakhali, sidzatsegukanso."

Tanatswa anali m'chipinda cha malemu achimwene ake, Everson, laputopu ya malemuwo ili pamiyendo. Azakhali ake, a Evah, anaima pakhomo, manja m'chiuno. Kunja amayi a mpingo ankaimba, nyimbo ina m'Chishona, ina m'Chinyanja, ndipo theka la komboni ya Sakubva linali litadzaza pabwalo.

Amalume a ku Ntcheu, eni mbumba, analephera kubwera. Dzulo analankhula pa laputopu yomweyi, mawu awo n'kukhala amodzi: bokosi lisatsekedwe iwo asanaone nkhope ya mphwawo, ngakhale pa vidiyo. Palibe amene anaganiza zolemba nambala yawo penapake. Za kumudzi ankazidziwa ndi Everson yekha. Enawo Malawi ankangomumva m'nkhani.

M'mawa uno netiweki ya pa laputopu inangoti zii. Mafoni onse ankagwira bwinobwino, koma laputopu yokhayo inakana, ndipo pamene panali dzina la amalume panangotsala poyera. Tanatswa ankaudziwa mankhwala ake: mzere umodzi woidzutsira netiwekiyo. Anaulemba. Makinawo anapempha mwaulemu kuti Everson alembe pasiwedi yake. Everson anali pabalaza, atavala suti, manja ali pachifuwa.

Anayesa dzina la amayi awo. Anayesa la galu, la timu ya mpira, ngakhale la Loice, mtsikana amene anamukana Everson kalekale. Kabokosi ka pa sikirini kankangopukusa mutu.

Njira yoti makina asamafunse pasiwedi inalipo, anaiphunzira ku yunivesite. Koma kuti uikhazikitse, uyambe walemba pasiwedi. Kiyi wa nyumba anali atatsekeredwa m'nyumba momwemo. Tsiku lina akanaseka.

"Nhai Tana, dzuwa likupita," anatero azakhali. "Munthu sangagonenso pano ndi kutentha kuno."

"Achimwene ankati pasiwedi yawo palibe amene angaitulukire."

"Ankanyadira zimenezo?"

"Kwambiri."

Magetsi anali atapita mbandakucha, ndipo batire linafiira. Dalaivala wa lole yopita kumanda analiza hutala, nyimbo n'kudukiza. Tanatswa anaika zala pa mabatani, osadina kalikonse.

Mkulu wa adzukulu anasuzumira pakhomo, zomangira bokosi zili m'manja. Anayang'ana azakhali, n'kuyang'ana Tanatswa.

"Titseke?"