Kapu ya Agogo Douwe

"Supuni imodzi yokha, Marit. Yasama."

Marit anafinya milomo n'kuyang'ana kukhoma. Mayi ake, Hiske, anatsitsa dzanja. Mbatatesi zoponda zosakaniza ndi kabichi zinali zitazizira kale m'mbale, ngati dzulo, ngati dzana.

Mwanayo anali ndi zaka zitatu, koma buluku la chaka chatha linkamugwabe m'chiuno. Kusikelo, namwino sanabise mawu: miyezi inayi yadutsa mwana osakwera, ndipo pakatha masabata asanu ndi limodzi zili chomwecho, amutumiza kuchipatala chachikulu akamupime. Hiske anayesa zonse. Buledi anamudula ngati nyenyezi, tchizi ngati nsomba. Zonsezo ankadya ndi galu.

Masana Hiske ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo Marit ankatsala pafamu ndi apongozi ake, agogo Douwe. Lachinayi anaweruka msanga. Anapalasa njinga molimbana ndi mphepo, mvula ikumumenya kumaso, ndipo atafika anamva kuseka m'khola la ng'ombe.

Marit anali atakhala pachidebe chovundikira, atagwira chikapu ndi manja awiri, mlomo wonse uli mbee. Agogo anaima pambali ndi fulasiki, akumwetulira ngati apambana mpikisano.

"Bambo, kapu imeneyi ndi yachingati?"

"Lero? Yachinayi. Kaya yachisanu. Pafamu ya ng'ombe ndani amawerenga mkaka, amake Marit?"

"Ine kumalira ndi supuni madzulo aliwonse, kumeneko mwana mwamudzaza kale ngati chigubu!"

"Aaa, mkaka sunapwetekepo munthu. Amuna anu ndinawalera ndi womwewu. Lero polowa pakhomo amachita kuwerama."

"Tsobola wakale sawawa, bambo."

"Mwana sakudya, ndiye ndimusiye ndi njala? Mdzukulu wa Douwe?" Hiske anaona kuti nkhalambayo inali ndi mantha omwewo amene ankamusowetsa iye tulo.

Analibe mphamvu zokangana. Anatsamira chitseko cha kakhola kapambali, madzi akuchucha m'jekete. M'katimo kathole kankalira mosalekeza.

"Nanga aka kakulira chiyani?"

"Kasiyeni, n'kamwano. Ndakachepetsera mkaka. Thole likakhuta mkaka silikhudza udzu, ndiye limangotupa mimba osaku..."

Anathera pomwepo. Anayang'ana kathole, anayang'ana mdzukulu wawo, kenako anavula chipewa n'kukanda dazi.

"Malizani, bambo," anatero Hiske. "Ndikumva."

"Zaka makumi anayi ndikuweta ng'ombe," anadandaula agogo, uku akutseka fulasiki. "Musakawauze amuna anu."

Anagwirizana: kapu imodzi m'mawa, ina madzulo, ndipo zonse akatha kudya. Masiku atatu oyamba anali a nkhondo. Marit ankagubuduka pansi akukuwa kuti agogo ndi oipa, agogowo n'kuthawira kuthirakitala yomwe inalibe vuto lililonse. Tsiku lachinayi anabwera okha kudzadya nawo. Anakumba kadzenje pakati pa mbatatesi zawo, naikamo batala, nayamba kudya osayang'ana munthu.

"Inenso ndikufuna dziwe," anatero Marit.

Hiske anamukumbira, mtima uli m'mwamba. Mwanayo anadya masupuni atatu, kabichi n'kulavula.

Loweruka la sabata yachitatu agogo anamunyamula n'kumuimika pasikelo ya matole. Anavala magalasi, nawerama nthawi yaitali.

"Wakwera magalamu mazana atatu! Akapitiriza chonchi ndikamugulitsa kumsika."

"Muvuleni majombo kaye, bambo. Matope okhawo ndi theka."

Anamuvula. Anatsala mazana awiri. Hiske anawalemba pakapepala koti akaonetse namwino, kenako anakhala pachidebe chija, natambasula miyendo.

"Mu fulasikimo mwatsala kanthu? Ndithirireniko ine."