Kontena ya Laila

Narelle Pascoe anakalamba akufotokoza nkhani ya kontena imodzi. Atangoyamba kumene kafukufuku wa umphawi wa ana othawa kwawo, anakumana ndi kamtsikana ka ku Afghanistan komwe kankapita kusukulu ndi kontena ya chakudya muli mwala, kuti anzake aziyesa muli nkhomaliro. Malamulo a kafukufuku salola kutchula dzina lenileni la mwana, ndiye Narelle anakatcha Laila.

Laila uja anatchuka. Aphungu a nyumba ya malamulo ku Canberra, likulu la dziko la Narelle komwe mwanayo anathawira, anamulirira, misozi yeniyeni, kenako n'kunyamuka kukadya. Narelle naye anakwezedwa mpaka upulofesa.

Nthawi yopuma pantchito itakwana, mtima wake unkafuna chinthu chimodzi: kuona ndi maso kuti mwana uja zinamuyendera. Apo ayi, moyo wake wonse unali phokoso chabe.

Anafunsira mpaka anamupeza m'tauni ya Dandenong, kuseri kwa tchalitchi, pamzere wolandira buledi ndi nyemba zam'chitini. Dzina lake lenileni anali Gulsom, ndipo tsopano anali mayi, atagwira padzanja kamnyamata kake, Jawad, kovala yunifolomu ya sukulu.

"Eee, Mayi Narelle! Imvi zonsezi ndi za ife?" Gulsom anaseka. "Nanga mnzanga Laila ali bwanji? Ndinkamumva pa wailesi. Ameneyo ndiye anamupatsa chilolezo chokhazikika m'dziko muno, eti?"

"Gulsom, mwanawe, ndinayesetsa."

"Munayesetsadi. Ine ndikudikirabe. Ntchito salola, kubwerera kwathu kulibe. Tsiku lina ndinawauza a ku ofesi yoona za olowa m'dziko kuti Laila wa kontena uja ndine. Anandiyang'ana n'kuti, 'Mayi, apa mwalembedwa Gulsom.'"

Narelle anamva manyazi otentha mpaka m'makutu. Dzinalo analipeka yekha, kuti amuteteze.

"Ndikawauza ndine," anatero. "Ndipita mawa lomwe."

"Mukawauze. Alira."

Mzere unasuntha pang'ono. Chikwama cha kamnyamata kaja chinali chosatseka, ndipo Narelle anaona kontena yabuluu ikusuzumira. Zaka zonsezi anaphunzira kufunsa ana mofatsa chomwe adya, koma apa anaiwala zonsezo. Anangoturutsa kontenayo n'kuigwedeza pafupi ndi khutu. Inali yolemera, ndipo siinalire. Mtima unatsika. Umu ndiye munali chakudya.

"Jawad, umatenga chiyani kusukulu, bambo?" anafunsa akumwetulira.

Mwanayo anayang'ana mayi ake. Gulsom analanda kontena ija modekha, n'kuibwezera m'chikwama, n'kukoka zipi.

"Musavutike kutsekula, Mayi," anatero. "Mwala wanga uja unkagogoda ndikamathamanga, anzanga n'kudziwa. Uyu ndinamuphunzitsa bwino. Amaukulunga m'sokosi."